Nkhuku za Seu Arlindo Zinafa pa Ola la Ndani?

Nkhuku 18,000 zinafa Lamulungu masana, ndipo pofika Lolemba mmawa aliyense mtauni muno anali akudziwa kale amene anazipha, kupatula wapolisi amene anapatsidwa mlanduwo kkk.

Wapolisiyo anali Ivanete Zanella, mayi wamfupi woyenda mothamanga ngati wasiya mkaka pamoto. Pa nkhani za ng'ombe zobedwa ndi shasha, koma za makompyuta ayi ndithu, foni yake yomwe amachita kumukonzera ndi mng'ono wake. Nde abwana ake, a delegado, mkulu wa polisi kuno, anangomuponyera fayilo nkumuuza kuti nkhaniyi ndi yosavuta, dzina lilipo kale, ndi la mtsikana wina wogwira ntchito za magetsi. Akuluakulu a kopaletivi ya magetsi akumana 12 koloko kuti amuchotse ntchito mtsikanayo, akamaliza iye akangomutenga nkubwera naye. Basi. Iwo nkubwerera ku khofi wawo.

Ivanete nkhani zosavuta sazikhulupirira. Anayamba kaye wapita ku Linha Pinhal, kumene kuli makola a Seu Arlindo Bortolon.

Fungo linamulonjera akadali pa geti. Abale, kutentha kwa Novembala kuja, nkhuku zonsezo, tisanene zambiri. Anapeza thirakitala ikukumba dzenje, Seu Arlindo ali pambali akulankhula ndi manja onse awiri ngati akuthamangitsa njuchi. Anafotokoza kuti banja lonse linapita ku phwando la kutchalitchi 11 koloko, nyama yootcha, mowa, masewera oponya timipira aja a bocha, zonse, nkubwerako cha mma 4. Atangotsika galimoto anadziwa.

"Khola la nkhuku silikhala chete, Dona Ivanete. Mafani amalira, nkhuku zimalongolola kuposa apongozi anga. Dzulo kunali zii. Ndinamva mbalame ya mtchire ikuimba, ine nkungogwada pomwepo."

Mafani akaima mkhola lotseka ngati lija nkhuku zimapsa zamoyo, maola awiri okha zatha. Ivanete anafunsa za jenereta. Mdalayo anayang'ana nsapato zawo nkunena kuti batire lake linafa mwezi watha, ankati agula mawa, mawa lake osafika. Koma mwansanga anadzutsa mutu nkuti imeneyo si nkhani. Nkhani ndi yoti magetsi sanazime okha. Kunalibe mphezi, kunalibe mtengo wogwera pa mawaya. Munthu anachita kuwazimitsa ali ku ofesi, makilomita 30 kuchokera pomwe anaimapo.

"Ndi chala," anatero akumuonetsa chala. "Chala chimodzi, atakhala pa mpando wofewa."

"Chala cha ndani?"

"Marlise, mwana wa Kunz. Mwana wanga Deoclécio anamusiya chaka chatha ukwati utatsala miyezi iwiri. Inu simunamve?"

Anamva, nanga ndani sanamve. Koma anamvanso kuti tsiku losiyidwalo Marlise anagula keke nkugawira ofesi yonse.

*

Ku kopaletivi anamulowetsa mchipinda chozizira ngati firiji, khoma lonse masikirini okhaokha, mizere yofiira ndi yobiriwira ili piringupiringu. Mwini wake anali Gilnei Tavares, injiniya wa ku São Paulo amene anabweretsa pulogalamu yatsopanoyi miyezi eyiti yapitayo. Ameneyu anatchuka tsiku lake loyamba lenilenilo. Atamupatsa chikho cha chimarrão, tiyi wowawa uja timamwera pa kampope nkumapatsirana chikho chimodzi, anamwa, nkubweza, nkunena zikomo ndi ulemu wake wonse. Nde mmawa wonse chikho chinkangomudumpha, iye nkumadabwa kuti walakwa chani. Kuno ukanena zikomo pa chikho ndiye kuti wakwana, asakupatsenso. Palibe anamuuza mpaka Lachinayi kkkk.

Gilnei anayamba kufotokoza, Ivanete nkuyamba kumira. Zimene anatolapo ndi izi. Pa mapolo ena a magetsi pali timabokosi, kalikonse kali ndi siwichi ndi kawailesi, ndipo tonseto timacheza ndi kompyuta yaikulu ya mu ofesi osapuma. Kale waya ukaduka amuna ankakwera galimoto nkumasakasaka mmisewu ya fumbi theka la tsiku. Pano kabokosi kamanena kokha kuti kuno zavuta, ndipo wa pa desiki amatsegula kapena kutseka siwichi osadzuka nkomwe.

"Nde iyeyo anatseka siwichiyo," anatero Ivanete akulemba.

"Ayi, anatsegula."

"Mwati anazimitsa."

"Eya. Kutsegula ndi kuzimitsa. Kutseka ndi kuyatsa."

Ivanete anangomuyang'ana. Gilnei anagundanitsa zala ziwiri nkunena kuti zikakhala chonchi mpata watsekeka, magetsi akudutsa, akazilekanitsa mpata watseguka, magetsi aima, ndipo amagetsi onse dziko lapansi amalankhula choncho. Kenako anaonjeza, ati kumuthandiza, kuti mzere wofiira ndiye kuti zili bwino magetsi alipo, wobiriwira ndiye kuti azima. Ivanete anafufuta zonse zimene analemba nkungojambula kankhuku pakona.

Ndiye linatuluka pepala. Uthenga uliwonse wochoka mu ofesi kupita ku timabokosi kompyuta yaikulu imaulemba, dzina la wotumiza ndi nthawi yake. Mzere umodzi unali wopakidwa zachikasu: 14:10, siwichi 27, tsegula, Marlise Kunz. Komanso chitseko cha chipindacho chimatseguka ndi kakhadi, ndipo chili ndi makina akeake osunga olowa ndi otuluka. Gilnei anali ataona kale. Kuyambira 1:30 mpaka 6 koloko mkatimo munali Marlise yekha.

"Anthu amanama, Dona Ivanete," anatero akusisita pepala lija ngati mwana wake. "Ichi sichinama. Sichidziwa nkomwe kuti kunama nchani."

*

Marlise anamupeza ku khitchini ya ofesi, maso ali psuu, atakumbatira chikwama ngati akudikira basi. Mtsikana wamtali wosachulutsa mawu. Ivanete anamufunsa kumene anali 2:10, mumtima akupempha kuti anene kuchimbudzi, anene panja, anene chilichonse.

"Pa desiki."

"Ndi ndani?"

"Ndekha."

"Mukutani?"

"Ndikuluka." Anatulutsa kachipewa ka mwana koluka theka. "Ka mwana wa mkulu wanga. Lamulungu kumakhala phee."

Eee, munthu kudzimanga yekha chonchi. Anati sanagwire kanthu mpaka Seu Arlindo ataimba foni 4 koloko akutukwana mpaka agogo ake. Ndi pomwe anafufuza tsamba la Linha Pinhal, lomwe silinali pa sikirini, nkupeza 27 ili yobiriwira, nkuitseka magetsi nkubwera. Belu silinalire chifukwa limalira zikavuta zokha, osati munthu akachita kulamula.

Za Deoclécio anangotsonya. Anati munthu uja amatafuna kukamwa kuli yasa, ndipo tsiku limene anamusiya ndi limene iye anakhulupirira kuti Mulungu amayankha. Koma nthabwala inathera pomwepo. Mtauni ya anthu 6,000 iyi, wopha nkhuku za Bortolon sadzalembedwanso ntchito ngakhale yosesa, ndipo mayi ake anali asanadye chiyambire dzulo madzulo.

Apa ndi pomwe analowa Seu Valdomiro Piccoli, mkulu wa amuna okwera mapolo, zaka 32 pa ntchito, manja ngati makasu, fulasiki ili kukhwapa. Chikho cha pa kopaletivi amathira ndi iwowa, tsiku lililonse, palibenso wina. Ndi omwenso anamuphunzitsa Marlise atangolembedwa zaka sikisi zapitazo, kumuzungulitsa pa galimoto kumuonetsa pholo ndi pholo kuti adziwe zimene mizere ya pa sikirini ikutanthauza.

"Imwa, guria," anatero akumupatsa chikho, mmene timaitanira mtsikana kuno. "Kulira kumafuna madzi."

Kenako anatembenukira kwa Ivanete nkuyamba. Ati olakwa ndi tizibokosi ta mnyamata wa ku São Paulo uja, timapenga kukatentha. Ati masiku awo munthu ankakwera pholo ndi ndodo yake, magetsi akazima unkadziwa wazimitsa ndani chifukwa unkamuona ali lendelende pamwamba. Pano zonse mphepo.

"Ine 2 koloko ndinali pa bocha kutchalitchi," anatero akuthira madzi ena. "Anthu 40 anandiona ndikugonja kwa wansembe. Funsani aliyense."

Ivanete anamwa mpaka chikho chinachita nkonono, nkubweza, nkutuluka. Anali atakhala kale mgalimoto, kiyi ali mmanja, pomwe zinamufikira. Mdala uja palibe anamufunsa kuti anali kuti.

*

Nthawi inali 10:15. Mutu wake unali ngati mizere ya Gilnei ija, koma chinthu chimodzi ankachidziwa, waya sudyetsa nyumba imodzi. Nde anautsatira kuchokera kwa Seu Arlindo kubwerera ku msewu waukulu. Nyumba zitatu, eni ake onse anali ku phwando dzulo. Kenako pa mphambano golosale ya Seu Nédio.

Pakhomo pa golosalepo pali makina agalasi ootchera nkhuku, aja timati TV ya agalu chifukwa agalu amakhala patsogolo pake nkumaonera nkhuku zikuzungulira. Moto wake ndi wa gasi koma chozungulitsa ndi cha magetsi. Nde dzulo magetsi atazima moto unapitirira, nkhuku nkuima. Seu Nédio anamuonetsa imodzi imene anasunga ngati umboni, mbali imodzi bii ngati khala, mbali ina mbuu ngati mwana wobadwa kumene. Ati agalu anakhala mphindi khumi akuonera chithunzi choima kenako anabalalika mokhumudwa kkkk.

"Anazima nthawi yanji?" anafunsa Ivanete.

Seu Nédio ndi munthu wolankhula ngati mawu amachita kugula. "1:10."

"2:10," anatero mawu ochokera kuseri kwa kauntala. Anali akazi awo, Dona Zulmira, amene amalankhula mmalo mwa anthu atatu. Ati anayang'ana pa foni nthawi yomweyo chifukwa amafuna kuimbira a kopaletivi, kenako kasitomala anabwera nkuiwala, ndipo mwamuna wawoyu asamumvere chifukwa tsiku lobadwa mwana wake lomwe salidziwa.

"Nkhuku ndimaika 11:30," anatero Seu Nédio osatembenuka. "Zimapsa maola awiri. Zikanakhala 2:10 bwenzi zitagulidwa."

"Foni siinama, Nédio."

"Foni yako inakupititsa ku misa tchalitchi chisanatsegulidwe."

Apa Dona Zulmira anafiira nkuyamba kufotokoza mothamanga moti Ivanete anachita kugwira kauntala. Eti dzulo mmawa anadzuka nkuona kuti achedwa, nkuvala msangamsanga, nkukafika pa tchalitchi zitseko zili zotseka, nkuima panja ola lathunthu akunena wansembe kuti ndi waulesi. Kenako anthu anawauza kuti foni yawo yathamanga. Nde kuyambira pamenepo amachotsa ola mmutu akayang'ana nthawi. Kapena amaonjeza. Ayi amachotsa. Koma 2:10 ijayo sakukumbuka ngati anali atachotsa kale kapena ayi, ndipo ngati anachotsa ndiye kuti foni inati 3:10, koma 3:10 anali akukolopa, ndiye mwina...

"Dikirani, Dona Zulmira. Foni inathamanga bwanji?"

Seu Nédio anakweza dzanja nkuonetsa wotchi yokoka ndi zala, yosiyiridwa ndi bambo awo. "Yanga ili pa ola la Mulungu. Yake ili pa ola la boma."

Ayi ndithu, zimenezi Ivanete anakula nazo. Zaka zonsezi nyengo yotentha ikayamba boma linkalamula kuti mawotchi akankhidwe ola limodzi kutsogolo. Akuluakulu a kumidzi ankakana, ati ng'ombe sizikamidwa pa ola la boma, nde pankakhala maola awiri, la boma ndi la Mulungu, ndipo ukaitana munthu ku ukwati unkachita kunena kuti ndi liti. Chaka chino boma linathetsa zimenezo. Anthu tonse tinamva. Koma mafoni ena sanamve, Lamulungu loyamba la Novembala litakwana anangodzikankha okha ngati zaka zonse.

Ivanete anayang'ana nkhuku ya mitundu iwiri ija. Anayang'ana wotchi ya Seu Nédio. Ngati foni ingalephere kumva, nanga chinthu china chija chosadziwa kunama?

Anatuluka osatsanzika, galu mmodzi nkumuthamangira mpaka pa mphambano.

*

11:20 anali atafika pa desiki ya Gilnei, thukuta lili kamukamu. Sanafotokoze chilichonse chifukwa iye mwini sankadziwa ngati zimene akuganiza ndi nzeru kapena dzuwa lamuwomba. Anangomuuza kuti atumize uthenga uliwonse ku kabokosi kalikonse, kungokapatsa moni, kenako asindikize pepala ngati lija.

Gilnei anamwetulira kumwetulira kwa anthu a ku São Paulo, nkudina, makina nkulavula pepala. Ivanete analoza wotchi ya pakhoma, yabatire wamba, 11:23. Kenako analoza pepala.

12:23.

Gilnei analiwerenga katatu. Analitembenuza ngati kuseri kuli yankho lina. Kenako anathamangira ku kabati kumene kumakhala kompyuta yaikulu ija, nkumamveka akudzilankhulira yekha mawu amene sitingalembe pano. Atabwerako nkhope inali ngati mbali yosapsa ya nkhuku ya Seu Nédio. Eti kalendala ya mkati mwa kompyutayo ndi yakale, palibe anaiuza kuti boma linasintha maganizo, nde dzulo inadzikankha ola limodzi. Makina a chitseko ndi ena, atsopano, iwo sanasunthe. Iyeyo anatenga nthawi ya boma ya pa pepala nkuiyerekeza ndi nthawi ya Mulungu ya pa chitseko.

"Sichinaname," anatero motsitsa. "Chinangouzidwa zakale."

"Agogo anganso amatero," anatero Ivanete. "Tandionetsani chitseko kuyambira 12:30."

Zinatuluka. 12:50 walowa Valdomiro Piccoli. 12:55 watuluka Marlise Kunz. 13:20 watuluka Valdomiro Piccoli. 13:30 walowa Marlise Kunz.

Ivanete anapumira mmwamba nkunena kuti zili bwino, kwatsala theka la ola akuluakulu asanakumane, apite akamutenge Marlise ku khitchini. Gilnei anakanda mutu. Ati Marlise kulibe ku khitchini. Anamuitana mmwamba kalekale.

"Msonkhano ndi wa 12."

"Eya, koma foni ya apulezidenti a kopaletivi..."

*

Masitepe aja Ivanete anawakwera awiriawiri, miyendo yaifupi ija kaya inatalika bwanji. Mchipinda chamisonkhano munali amuna anayi mwa asanu ndi awiri, amene mafoni awo anathamanga. Atatu a pa ola la Mulungu anali asanafike, ndipo apulezidenti anali atagamula kuti anthu osasunga nthawi sangadikiridwe. Marlise anali chiimire kumapeto kwa tebulo, kakhadi kake kali kale patebulopo, kalata yomuchotsa ntchito ili patsogolo pake, cholembera chili mmanja.

"Musasaine," anatero Ivanete. Kenako kwa apulezidenti: "Nthawi ili bwanji, Seu Olívio?"

Iwo anayang'ana foni nkunena kuti 12:31, ndipo apolisi aphunzire kugogoda. Wina wa pambali anayang'ana yake nkuvomereza. Wachitatu anayang'ana pa zenera nkunena kuti nchifukwa chake sakumva njala. Mphindi ziwiri zotsatira amuna anayi akuluakulu anali akuonetsana mafoni ngati ana asukulu, Gilnei ali pakhomo akuyesera kunena za kalendala palibe womumvera.

Ivanete anamukokera Marlise pakona nkumufunsa kuti 1 koloko anali kuti. Marlise anadabwa. Ati anali kwa mayi ake kutsidya kwa msewu, akudya. Lamulungu lililonse akakhala pa ntchito Seu Valdomiro amadutsa nkumukhalira pa desiki kuti akadye chakudya chotentha, ngakhale dzulo pobwerera anapeza atapita kale ku bocha. Aliyense wakhala akumufunsa za 2 koloko, za 1 koloko palibe anafunsa.

"Kompyuta munaisiya pa dzina lanu?"

"Eya. Iwo aja kambewa ka kompyuta amakagwira ngati kaluma. Amangodikira foni ikalira."

Ananena akuseka pang'ono. Kenako kuseka kuja kunazima pang'onopang'ono, Ivanete akuona.

*

Seu Valdomiro anali kuseri, mgaraja, atakhala pa chiguduli cha waya, amuna awo atatu atawazungulira, chikho chikuyenda. Ivanete anakoka ndowa nkuitembenuza nkukhalapo. Anadikira chikho chidutse kwa woyamba, kwa wachiwiri, kwa wachitatu, chifike kwa iye. Anamwa mpaka nkonono nkubweza. Amuna atatu aja anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi tayala lofunika kupopa.

"Seu Valdomiro, 1:10 munali kuti?"

Mdalayo anathira madzi pang'onopang'ono, osataya ngakhale dontho.

"La boma kapena la Mulungu?"

"La Mulungu."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti mvula ibwera ndipo anali ataiona kale. Kenako zinayamba kutuluka, maso ali pa chikho. Lachisanu likubwerali akuluakulu avota zogula timabokosi tina 40, ndipo akatero gulu limodzi la okwera mapolo litha. Amuna anayi, onse anawaphunzitsa iwowo. Nde anangofuna mphindi khumi. Magetsi azime popanda chifukwa, anthu aimbe mafoni, akuluakulu aone kuti tizibokosi timapenga. Anasankha 27 dala chifukwa onse a ku Linha Pinhal anali ku phwando, ndipo mnzawo wapamtima compadre Arlindo ali ndi jenereta, anaimanga ndi iwowo ndi manja awo. Za batire sanadziwe. Zoti kompyuta imalemba dzina la amene wakhala pa desiki sanadziwenso.

"Nanga bwanji simunayatsenso?"

Apa mdalayo anadzutsa mutu, akuoneka wosokonezeka kuposa Ivanete mmawa uja.

"Ndinayatsa. Ndinatseka, Dona Ivanete. Ndinawerenga mphindi khumi pa wotchi yangayi, ndinafunafuna pa galasipo, ndinapeza palembedwa kuti tseka, pakona pamwamba. Ndinadina. Chithunzi chonse chinachoka, ine nkuti basi yatseka, magetsi abwerera. Ndinapita ku bocha mtima uli mmalo."

Gilnei anali ataima pakhomo la garaja, atamutsatira Ivanete. Anatsegula pakamwa, nkutseka, nkutsegulanso.

"Seu Valdomiro," anatero mwaulemu umene palibe anamumvapo nawo, "tseka wa pakona uja ndi wotseka tsamba. Kungochotsa chithunzi. Si wa siwichi."

"Tseka ndi tseka."

"Pa kompyuta alipo awiri."

Mdalayo anaika fulasiki pansi. Zaka 32 mawu amenewo anali ndi tanthauzo limodzi, ndipo anali asanalakwitsepo ngakhale kamodzi, mvula, mphepo, pamwamba pa pholo. Anaika dzanja lalikulu lija pamphumi nkunena motsitsa kuti nkhuku zonse zija, Mayi Maria, nkhuku zonse zija chifukwa cha chithunzi.

Ivanete akanawamvera chisoni mpaka pamenepo. Koma panali funso limodzi lotsala ndipo silinali la nkhuku. Anawafunsa kuti atamva dzulo madzulo kuti pepala latchula Marlise, anatani. Iwo anati ataona 2:10 anasokonezeka, anaganiza kuti mwina kabokosi kanapengadi kokha pambuyo pake, mwina si iwo. Usiku wonse anadziuza zimenezo. Mmawa anadziuzanso.

"Nkupita kukamuthirira chikho ku khitchini," anatero Ivanete.

Mdalayo anazungulitsa chikho mmanja.

Kumbuyo kwa Gilnei kunaima Marlise, kakhadi kake katabwerera mkhosi, chikwama chili paphewa. Kaya anafika nthawi yanji, kaya anamva kuyambira pati. Seu Valdomiro atamuona manja awo anachita zimene akhala akuchita mmawa uliwonse kwa zaka sikisi. Anathira madzi, anatembenuzira kampope kwa iye, nkutambasula dzanja lamanja.

"Guria."

Marlise anayang'ana chikhocho. Nthunzi inali ikukwera bwinobwino. Manja ake sanachoke pa chikwama.

"Zikomo, Seu Valdomiro," anatero.

Dzanja lija linakhala mmalere kanthawi, kenako linatsika. Ivanete anatsegula kabuku kake pa tsamba la kankhuku kojambula kuti alembe nthawi imene wawatenga, nkuyang'ana foni, nkuibweza mthumba osaikhulupirira. Mdalayo anaika chikho pansi chili chodzaza, anaimirira, nkumutembenuzira wotchi ya pamkono pawo kuti awerenge yekha.